POLISHI PA CHEZI: MAKINA KAPENA CHIGUDULI?

Amalonda anzanga a mu Tsoka, a ku Lizulu, a pa Nsungwi ndi inu a ku Limbe, sabata ino ndale tazipumitsa kaye. Tikambe za galimoto. Musandinyoze kuti nkhani ya galimoto ndi ya mabwana, chifukwa nthawi ija Pajero inali ya aphungu okhaokha inapita kalekale. Lero amene akugula Probox ndi Sienta ndinu nomwe. Mayi wa kaunjika wasonkha chipereganyu zaka zitatu, bambo wa mbatatesi wagulitsa ng'ombe kumudzi, onsewo maso ali pa kagalimoto koti m'mawa kazinyamula katundu, masana kazithamanga takisi. Ndalama ya thukuta ikalowa pa chinthu, mwini wake ayenera kudziwa chimene anthu akuchita pa thupi la chinthucho.

Pali mkangano pakati pa anyamata otsuka magalimoto. Ena akuti galimoto yosapakidwa polishi ndi makina ndiye kuti sinapolishidwe. Ena akuti makinawo ndi mfiti, amadya penti. Mkanganowu unayambira m'tauni koma tsopano wafika mpaka pa Chezi.

Amene mumapita ku Salima kukapikula usipa mukupadziwa pa Chezi. Mukachoka pa Kanengo, nkukwera ndi kutsika mapiri a Dowa aja, musanayambe kutsetserekera kunyanja, pali pamsika pamene galimoto iliyonse imafuna kuima. Apa tomato, apo anyezi, uko nthochi, utsi wa chiwaya uli tolotolo. Ndi pomweponso pamene pamatulukira msewu wochokera ku Lumbadzi kudzera ku Dzaleka ndi pa boma la Dowa. Bwana wa ku Area 47 amene akupita ku Senga Bay amaima pamenepo. Dalaivala wa Sienta amene wadikira anthu kuyambira m'mawa alinso pomwepo. Pamene magalimoto amaima, mnyamata wa ndowa ndi chiguduli sasowa. Ndipo mnyamata aliyense wa ndowa masiku ano ali ndi loto limodzi: tsiku lina adzagule makina ozungulira aja anawaona ku Biwi.

Ine maganizo anga ndinena, koma poyamba timvetsetsane kuti polishi ndi chiyani, chifukwa ambiri timangomva dzina.

Penti ya galimoto za masiku ano ili ngati anyezi, ndi yosanjikizana. Pansi pali chitsulo. Pamwamba pake pali mankhwala oletsa dzimbiri ndi pulaima. Kenaka mtundu umene inu mumauona, siliva, wofiira kapena wakuda. Pamwamba penipeni pali kachikopa koonekera ngati galasi kamene amisiri opopera penti amati kiliya. Kunyezimira konse kuli mu kiliyayo. Tsono imvani kupyapyala kwake. Penti yonseyo, kuchokera pa chitsulo kufika pamwamba, kawirikawiri imakhala ma micron 100 mpaka 150. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ndiye kuti penti yonse ya galimoto yanu ikungofanana ndi pepala limodzi la mu kope la mwana wa sukulu, kapena kuposerapo pang'ono. Kiliya payekha ndi ma micron 40 kapena 50 basi. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanumo likhoza kumuposa kunenepa.

Nanga polishi amatani? Anthu amaganiza kuti amathira kuwala pa galimoto ngati mmene Vaseline amachitira pa miyendo ya mwana wa mbuu. Ayi ndithu. Polishi weniweni ndi sandipepa wamadzi. Muli timchenga tosaoneka ndi maso. Galimoto imaoneka yakuthima chifukwa kiliya wakandikakandika, ndipo kuwala kwa dzuwa kukagunda pa timizere timeneto kumabalalika. Polishi sakwirira timizereto. Amapala kiliya yense wozungulira mpaka atsike kufika pansi pa mzerewo. Pitani kwa akalipentala a ku Mchesi mukaone mmene amapalira thabwa: limasalala, inde, koma limachepa. Kusiyana kwake nkwakuti kalipentala ali ndi thabwa lonenepa, pamene mnyamata wa polishi akupala chinthu chochepa kuposa tsitsi. Ndipo kiliya saphuka ngati udzu wa m'dambo. Akatha watha.

Kiliya yemweyo ndi amene amatchinga mtundu wa galimoto ku dzuwa. Mwaziona galimoto zija denga ndi boneti zili mbuu, zikusupuka ngati munthu wodwala zipere? Ndi kiliya wafa ameneyo. Dzuwa lathu limamupha lokha pang'onopang'ono, koma akapyapyalitsidwa ndi makina amafa msanga. Zikafika pamenepo palibe polishi wa m'sitolo iliyonse amene angadzutse maliro. Mankhwala ake nkupopera penti ina, ndipo mtengo wake mukafunse nokha kwa amisiri, mutakhala pansi.

Palinso chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi polishi, chotchedwa wax. Ameneyu sapala. Amangovala pamwamba ngati jekete, madzi a mvula nkumatsetsereka, fumbi osakakamira kwambiri. Wax wabwino amachokera ku masamba a mtengo wa carnauba, mtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Amatha yekha pakapita masabata kapena miyezi yochepa, nkupakanso. Wax mukhoza kupaka kangapo pachaka galimoto osadandaula. Polishi wopala uja ndiye wofunika kumuwerengera ngati mapiritsi a kuchipatala. Pa zitini zina za Turtle Wax ndi anzake amasakaniza zonse ziwiri, choncho muziwerenga pachitinipo musanapereke kwa mnyamata.

Tsopano tibwere ku makina.

Makina opolishira alipo mitundu iwiri. Oyamba amangozungulira malo amodzi ngati mpero. Awa ndi amphamvu, ndi amene mumawapeza kwa omenya magalimoto. A Makita odziwika aja amadya magetsi okwana mawati 1,200 ndipo amazungulira kuyambira ka 600 mpaka ka 3,000 pa mphindi imodzi, mmisiri nkumasintha liwiro ndi chala. M'manja mwa munthu wodziwa, makina amenewa amachita zodabwitsa. Galimoto yothima ngati mphika imatuluka mukudziwonerapo nkhope, ntchito imene dzanja silingaimalize ngakhale mutagwira masiku atatu. Koma kuzungulira malo amodziko kumabala moto. Mukangochedwa pamalo amodzi, makamaka m'mphepete mwa chitseko, pa msana wa boneti kapena pa bampala ya pulasitiki, penti imapsa nthawi yomweyo. Kuphethira kumodzi, pulaima yaonekera.

Achiwiri amazungulira uku akunjenjemera, kutsanzira dzanja la munthu. Azungu amati dual action. Amenewa satentha kwambiri, ndipo mukawakanikiza molakwika amangoleka kuzungulira m'malo motentha penti. Ndi amene munthu wophunzira ayenera kuyambira. Kampani ya ku Italy ya Rupes inatchuka nawo kwambiri. Vuto ndi lakuti ndi odula, ndipo m'magalaja athu ang'onoang'ono saonekaoneka.

Koma pali makina achitatu amene sali m'buku lililonse, ndipo ndi amene akundipangitsa kulemba nkhaniyi. Ndi gilayinda. Inde, gilayinda yomwe ija owotcherera amadulira zitsulo za mawindo. Mnyamata wabwereka kwa wowotcherera, wachotsa chodulira, wamangapo siponji, basi wasanduka katswiri. Abale anga, gilayinda yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, ndipo zambiri zilibe posinthira liwiro. Makina enieni akathamangitsitsa amalekeza pa 3,000, ndipo amisiri ambiri safikako nkomwe. Tangoganizani kumeta mwana ndi chikwanje. Mukaona munthu akuyandikira galimoto yanu ndi gilayinda, musafunse mtengo, lizani injini muzipita.

Chinanso chimene makina ozungulira amasiya m'manja mwa wophunzira ndi timizere tozungulira, tooneka ngati utawaleza kapena ukonde wa kangaude galimoto ikaima padzuwa. Tsiku loyamba simungatione, chifukwa polishi amakhala ndi mafuta amene amabisa. Mukatsuka kawiri katatu mafuta aja nkuchoka, ndi pamene mumayamba kufunsa kuti kodi galimoto yanga yalodzedwa? Pa galimoto yakuda ndiye zimachita kuwawa m'maso.

Ndiye a chiguduli asekerere? Ayi, dikirani kaye, nanunso mlandu wanu ulipo.

Dzanja lili ndi ubwino umodzi waukulu: limatopa lisanawononge. Munthu sangapale kiliya mpaka kumutha ndi siponji ya m'manja pokhapokha ngati ali ndi chidani ndi mwini galimoto. Dzanja limalowa pamene makina sangalowe, kuseri kwa chogwirira chitseko kumene zikhadabo zimakanda, m'mbali mwa magalasi, mozungulira zilembo. Kupaka wax ndiye ntchito ya dzanja yeniyeni, makina safunika nkomwe. Kale lija a madala athu a Peugeot 404 ndi Datsun 120Y ankapolisha Loweruka lililonse ndi kansalu, kansaluko nkusanduka mtundu wa galimoto, chifukwa penti ya nthawi imeneyo inalibe kiliya. Ngakhale lero Hiace ndi Hilux zoyera zambiri zili ndi penti ya mtundu womwewo, nchifukwa chake zikakalamba zimachita ufa woyera mukazikhudza. Penti yotero dzanja limaidzutsa bwinobwino.

Koma timizere tambiri timene tili pa galimoto za m'dziko muno sanatilembe makina. Tinalembedwa ndi chiguduli. Fumbi la m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, makamaka miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala, si ufa wa mgaiwa ayi. Muli timiyala ta mchenga tolimba kuposa penti, tolimba ngakhale kuposa galasi. Tsono kondakitala akaima pa siteji nkutenga chiguduli chouma, nkumapukuta minibasi uku akuitanira anthu, akuchita chimodzimodzi ndi munthu wokwecha poto ndi mchenga kudambo. Iye akuti akusamala galimoto ya abwana. Abwanawo akanadziwa!

Onjezani apo ndowa imodzi. Madzi pa Chezi sangotuluka pampopi pafupi ndi msewu monga ku Area 18. Wina amachita kukatunga ndi kusenza, ndiye palibe amene amafuna kuwataya. Mnyamata wayamba ndi matayala, chiguduli chadzaza matope, wachiviika mu ndowa, wabwerera nacho pa boneti. Onjezaninso sopo wa ufa wochapira zovala, amene amachotsa wax yense ndi kusiya mapulasitiki akuda atatuwa. Ena amafika pothira dizilo kapena palafini m'madzi kuti galimoto iwale. Imawaladi, mpaka pa Mvera. Kufika ku Salima fumbi lonse la mumsewu lamatirira. Ena amapaka Cobra wa pansi m'nyumba. Ena amanyezimiritsa matayala ndi mafuta a mabuleki, osadziwa kuti dontho limodzi la mafuta amenewo likagwera pa penti limaidya.

Ndiye mukandifunsa kuti ndani akuwononga galimoto zambiri, ndinena kuti makina amapha galimoto imodzi tsiku limodzi anthu akuona, pamene chiguduli chakuda chimapha galimoto zonse mwakachetechete.

Mankhwala ake sadula. Ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira chiguduli. Kuthira madzi kaye fumbi litsike musanakhudze. Kuyambira padenga kutsikira pansi. Chiguduli cha matayala chikhale chakechake, chisaone boneti mpaka kufa kwake. Ndipo inu a kaunjika, apa pali msika wanu: m'mabelo muja mumatuluka timatawulo tofewa ta microfibre timene mumangotiponya pa mulu wa zotchipa. Timeneto ndi golide kwa wotsuka galimoto. Chomaliza, mthunzi. Polishi kapena wax pa boneti yotentha ndi dzuwa amauma asanagwire ntchito, nkusiya mabala.

Tsono kwa iwe mphwanga wa pa Chezi amene ukusunga ndalama mu banki m'khonde kuti ugule makina, tiye tiwerengere limodzi. Makina amafuna magetsi. A ESCOM ukuwadziwa. Mphepo ya Ana itawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi ma megawati 130, ndipo tinakhala mu mdima wosinthana kopitirira chaka. Kajenereta kakang'ono kaja ka m'mavidiyo sho sikafika mawati 1,000, ndiye makina a 1,200 sikangawakoke. Sola ya kutchajira mafoni ndiye usaitchule nkomwe. Makina amafunanso masiponji akeake, olimba opalira ndi ofewa omalizira, ndipo amatha. Amafuna polishi wa mitundu iwiri kapena itatu. Zonsezi zimachokera kunja, ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku China, ndipo zimagulidwa ndi ndalama yakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene mumaoda katundu kunja simufuna wina akufotokozereni tanthauzo lake.

Ndipo kasitomala wako ndani? Munthu amaima pa Chezi mphindi makumi awiri, agule tomato, adye kanyenya, azipita. Kupolisha galimoto yonse ndi makina, mochita bwino, ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Amene angakuuze kuti amaliza pa ola limodzi ndiye uja wa utawaleza. Dalaivala wa Sienta sangaimike galimoto tsiku lonse pamene abwana akudikira ndalama ya tsikulo madzulo. Bwana wa ku Senga Bay sangasiye Prado yake kwa munthu amene wamuona lero. Ndiye makinawo adzagwira ntchito kangati pa mwezi? Ndipo tsiku limene udzatenthe chitseko cha galimoto ya mwini, ndalama yopopera penti idzachokera m'thumba mwa yani?

Ine ndikanakhala iwe ndikanagula ndowa yachiwiri, matawulo khumi a pa kaunjika, sopo weniweni wa galimoto ndi chitini cha wax, nkumanga kachisakasa ka mthunzi. Ngati mtima uli pa makina, pita kaye ukakhale miyezi ingapo kwa mmisiri wopopera penti ku Biwi kapena ku Kawale. Ukaphunzirire pa zitseko za galimoto zakufa, utenthe khumi, udziwe fungo la penti ikamapsa. Ukadzabwerako udzakhala mmisiri, ndipo anthu azidzachita kukusungira tsiku. Makina pawokha ndi abwino, sindikuwanyoza. Kungoti galimoto imawafuna mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, pamene dzanja imalifuna sabata iliyonse.

Ndatsala ndi inu ogula, chifukwa ndi kumene ndalama zambiri zikutayikira. Aliyense wa ife pamsika amadziwa kuika tomato wamkulu pamwamba pa mulu. Musakane, tonse timadziwana. Ogulitsa magalimoto nawo tomato wao wapamwamba ndi polishi. Galimoto yachita ngozi, yamenyedwa, yamatidwa fila, yapoperedwa, kenaka makina adutsapo, yaima m'mbali mwa msewu ikuchita kuthobwa m'maso. Inu mwafika ndi ndalama ya zaka zitatu m'chikwama, mtima wagwa kale m'chikondi.

Musagule galimoto madzulo, kapena mvula ikugwa, kapena itangotsukidwa kumene. Madzi amabisa zonse. Iwoneni youma, padzuwa. Imani kutsogolo, weramani, muyang'ane m'mbali mwake motsata thupi: pamene pamatidwa fila pamachita mafunde. Yerekezani mtundu wa chitseko ndi wa chinzake. Tengani kamaginito, kaja ka mu sipika yakufa kakukwana, mukakulunge pa kansalu kuti kasakande, muzikagunditsa pa zitseko ndi m'mapiko. Pa chitsulo kamamata. Pamene pali fila wonenepa kamafooka kapena kugwa. Pa bampala musavutike, ndi pulasitiki. Tsegulani zitseko muone m'mphepete mwa malabala ngati muli mzere wa penti yatsopano. Yatsani tochi ya foni pafupi ndi boneti muone ngati pali ukonde wa kangaude uja. Mukapeza polishi woyera wouma m'ming'alu ya zilembo ndi m'mbali mwa magalasi, dziwani kuti makina adutsapo dzulo, ndipo funsani chifukwa chake.

Galimoto zambiri za ku Japan zimene zimatsikira pa Dar es Salaam nkulowera pa Songwe zimakhala zitadutsa pa okushoni kwaoko, ndipo kumeneko zimalembedwa pepala la mayeso. Pa pepalapo pali chithunzi cha galimoto ndi zilembo: A ndi pokandika, U ndi pobonyoka, W ndi pamene panakonzedwa nkupoperedwa, XX ndi chiwalo chimene chinasinthidwa. Pamwamba pali giredi. Mukaona 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakatikati, koma mukaona R ndiye kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Si wogulitsa aliyense amene amakhala nalo pepalali, koma kufunsa sikulipiritsa, ndipo nkhope ya munthu ikamayankha imanena zambiri.

Amene muli nayo kale galimoto, mukaona pokandika yesani ndi chikhadabo. Chikadutsa osakodwa, polishi achotsa, mwinanso wa dzanja yemwe. Chikakodwa, ndiye kuti mzerewo wapyola kiliya, ndipo amene akulonjeza kuuchotsa ndi makina akulonjeza kukupalirani penti yonse yozungulira. Pamenepo pamafunika kadontho ka penti kuti dzimbiri lisalowe, basi. Magalasi a nyali akachita chikasu, Colgate ndi kansalu amathandizadi, koma kwa miyezi yochepa, chifukwa chikopa choteteza ku dzuwa chinatha kale.

Ndipo inu a Probox, amene mumakweza madengu a tomato ndi matumba a makala padenga popanda choyala, nkumakoka chingwe cha lamba pa penti, inu nkhani ya makina ndi chiguduli isakuvuteni kaye. Yambani mwagula chikatoni kapena bulangeti lakutha muziyala pansi pa katunduyo.

Sabata ya mawa tikamba za matayala a kaunjika, ndi manambala anayi aja olembedwa m'mbali mwake amene ogulitsa safuna kuti muwawerenge.